Nkhono ya ku El Alto

Lachinayi lililonse, belu lopumira lisanalire,
aphunzitsi athu, Mayi Apaza, ankatseka buku la masamu
n'kupukuta bolodi ndi mkono wa juzi yawo.
Tikaona zimenezo tinkadziwa
kuti yakwana nthawi yotizunguza mitu.

"Nkhono," anatero tsiku lina, choko chikulira,
"yagwera m'chitsime chakuya mamita khumi.
Masana imakwera atatu,
usiku imaterereka awiri.
Idzatuluka tsiku lachingati?"

Wilmer, amene pakamwa pake panalibe chitseko,
anati, "Kuno nkhono ingakhale, aphunzitsi?
Ingaume gwa ndi chisanu isanakwere n'komwe."
Tinaseka mpaka nthunzi kutuluka m'kamwa,
pakuti unali mwezi wa Juni
ndipo phiri la Illimani linali litayera mbee.

Ine ndinali dolo, ndinkadzidziwa.
Zitatu kuchotsa ziwiri, chimodzi.
Mita imodzi patsiku. Nanga n'zovuta?
Ndinaimika dzanja mpaka phewa kuwawa.
"Masiku khumi!"
Kalasi yonse inandigwa m'mbuyo
ngati nkhosa zopita kumsika.

Mayi Apaza sanavomere, sanakane.
Anangoyang'ana pawindo
pomwe timabokosi ta pachingwe
tinkatsetserekera ku La Paz titadzaza anthu.

Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi matsache,
kunkakhala Nilda,
wa zala zong'aluka ndi mbatatesi zoumitsa pachisanu.
Iye sanawonkhetse kanthu.
Pachikuto cha kope lake anajambula chitsime,
m'katimo kadontho,
ndipo ankakakweza, kukatsitsa, kukakwezanso,
lilime lili panja,
pensulo yotsala ngati chala cha mwana.

"Asanu ndi atatu."
Mawu ake anali ngati ulusi.
Wina anatsonya.

"M'mawa wa tsiku limenelo," anatero osadzutsa mutu,
"ili pamita yachisanu ndi chiwiri.
Ikakwera atatu yagwira kukamwa kwa chitsime.
Pamene usiku ukubwera
iyo yapita kale.
Ibwererenji?"

Zii.
Ngakhale Wilmer anasowa chonena.
Makutu anga anatentha m'chipewa chaubweya,
khumi wanga uja atakhala pakope, wonenepa,
nditamuzunguliza kawiri ndi inki yofiira.

Madzulo ndinapeza bambo padenga
la nyumba yathu ya njerwa yosatha kumangidwa,
yomwe zitsulo zake zinkaloza kumwamba
chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano.
Ndinawaponyera funso lija kuti nawonso agwe.
Anasamba simenti m'manja pang'onopang'ono,
n'kuyang'ana matumba atatu amene anagula,
awiri mwa iwo angongole.
"Asanu ndi atatu," anatero,
"ngati palibe wina pamwambapo
amene akuwonjezera njerwa usiku."

Sindinamve. Ndinkayesa akuseka.

Nyumba ija inatha ndili ndi ndevu.
Za Nilda ndinangomva m'minibasi,
kuti amayeza milatho kwinakwake kumunsi, kotentha,
kumene nkhono zilikodi.
Kaya n'zoona, kaya anali Nilda wina.

Dzulo magetsi atazima
ndinamufunsa mwana wanga Yesenia za chitsime chija.
Sanadikire n'komwe kuti ndimalize.
"Khumi!" maso ali waliwali,
dzanja m'mwamba ngakhale tinali awiriwiri.

Yankho linafika pamilomo panga.
Ndinalimeza.
Ndinamusendezera kandulo,
pensulo, ndi kuseri kwa risiti ya madzi,
kenako ndinayang'ana pawindo
monga ankachitira Mayi Apaza,
ndikumvetsera pensulo ikukwera,
ikutsika,
ikukweranso.